Mageti a Yunivesite Asanatsekedwe: Lamulo Likuti Chiyani pa Zokambirana za Malipiro a Aphunzitsi?

Chikalata chimamatidwa pa bolodi masana, ndipo chimakhala chachifupi: sukulu yatsekedwa mpaka mtsogolo muno, ophunzira onse akhale atatuluka m'mahositelo pofika mawa madzulo. Kukacha, depoti ya basi imadzaza ndi anyamata ndi atsikana onyamula zikwama, zidebe ndi timbaula tamagetsi tokulunga m'zitenje. Ena alibe ya thiransipoti, akuimba foni kumudzi. Kumudziko bambo amene adagulitsa matumba a soya kuti alipire fizi wangomva pa wailesi kuti aphunzitsi akunyanyala ntchito, ndipo funso lake ndi limodzi: anthu ophunzira chonchi, olandira bwino kuposa ife tonse kuno, akufunanso chiyani?

Funsolo si lachibwana. Koma sitalaka ndi mchira chabe wa nkhani. Mutu wake umakhala m'chipinda china chamisonkhano, miyezi yambiri m'mbuyomo, momwe atsogoleri a aphunzitsi adakhala pansi ndi akuluakulu a yunivesite n'kulephera kumvana, kapena n'kumvana pakamwa popanda cholembedwa. Zomwe zimachitika m'chipindamo zili ndi malamulo ake, ndipo mphunzitsi, wophunzira ngakhale kholo akawadziwa malamulowo amatha kuona yekha amene walakwa sukulu ikatsekedwa, m'malo mongotsatira amene wafuula kwambiri pa wailesi.

Ufuluwu udachokera kuti

Mu nthawi ya chipani chimodzi mabungwe a anthu apantchito adalipo dzina lokha, mano adalibe. Zinthu zidayamba kusintha mu 1992, pomwe ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ku Blantyre adanyanyala ntchito m'mwezi wa May, ndipo moto udafalikira kumakampani ena. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 adalembedwa anthu akukumbukirabe zimenezo. Gawo 31 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, pamalo otetezeka, ndi kulandira malipiro oyenera. Limatinso aliyense angathe kukhazikitsa kapena kulowa bungwe la anthu apantchito, ndipo angathenso kukana kulowa. Ntchito zolemera mofanana ziyenera kulipidwa mofanana popanda tsankho, ndipo boma lili ndi udindo woonetsetsa kuti ufulu wonyanyala ntchito ukutetezedwa.

Tsatanetsatane wake ali m'malamulo awiri: Labour Relations Act ya 1996, yomwe imanena za mayuniyoni, zokambirana ndi masitalaka, ndi Employment Act ya 2000, yomwe imanena za kontilakiti, tchuthi ndi kuchotsedwa ntchito. Malawi adasainanso mapangano a bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO: la nambala 98 lokhudza kukambirana kwa mabwana ndi antchito mu 1965, ndi la nambala 87 lokhudza ufulu wokhazikitsa mabungwe mu 1999. Pulofesa ndi wantchito ngati wina aliyense pamaso pa malamulowa. Digiri siyimuchotsera ufulu, komanso siyimuwonjezera wina woti adumphe ndondomeko.

Ndani amakhala patebulo, ndipo ndani ali ndi chikwama

Mbali ya aphunzitsi imaimiridwa ndi yuniyoni yolembetsedwa kwa mlembi wa mabungwe a antchito ndi olemba ntchito. Lamulo limati ngati antchito osachepera 20 peresenti pamalopo ali mamembala a yuniyoni, bwana sangakane kukambirana nayo. Kukambirana kokhudza gawo lonse la ntchito, osati malo amodzi, kumafuna 15 peresenti. Choncho kaundula wa mamembala si pepala longosungidwa m'kabati. Yuniyoni yomwe sidziwa kuti mamembala ake olipira ndi angati imalowa m'chipinda ili ndi mwendo umodzi. Bwana saloledwa kuchotsa munthu ntchito, kumumana udindo kapena kumuopseza chifukwa ndi membala kapena mtsogoleri wa yuniyoni.

Mbali inayo ndi yomwe imasokoneza ambiri. Mphunzitsi wa pa yunivesite ya boma salembedwa ntchito ndi unduna ngati mmene zilili ndi mphunzitsi wa ku pulayimale. Bwana wake ndi khonsolo ya yunivesiteyo. Yunivesite iliyonse ili ndi lamulo lake ndi khonsolo yake: Mzuzu University, LUANAR yomwe idaima payokha mu 2012 kuchoka ku University of Malawi, MUST ya ku Thyolo, komanso zitatu zomwe zidabadwa pomwe University of Malawi idagawidwa mu 2021, zomwe ndi UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS. Khonsolo ndiyo imasaina kontilakiti, ndiyo imasumiridwa kukhoti, ndiyo imakhala patebulo.

Koma chikwama sichili m'manja mwa khonsolo. Gawo lalikulu la malipiro limachokera ku ndalama zomwe boma limapereka ku mayunivesite kudzera m'bajeti yomwe aphungu amavomereza ku Lilongwe, ndipo mabungwe a boma sakweza malipiro mwa okha popanda boma kuvomereza. Zotsatira zake n'zakuti aphunzitsi amakambirana ndi munthu amene angathe kunena kuti ayi, koma sangathe kunena kuti inde. Mumakhala maola anayi, mumamwa tiyi, mumagwirizana pa nambala, kenako wapampando amatseka faelo n'kunena kuti tikafunse kaye kumtunda. Yankho la kumtundako limatenga miyezi, ndipo likabwera limakhala lakuti bajeti ya chaka chino ilibe malo.

Ine ndimaona kuti masitalaka ambiri a m'mayunivesite athu amabadwira pampata umenewu, osati pa kuuma mtima kwa aphunzitsi kapena kwa khonsolo. Ndipo mpatawu ungachepetsedwe. Choyamba, pamsonkhano woyamba weniweniwo yuniyoni ifunse kuti nthumwi za khonsolo zabwera ndi mphamvu yofika pati, ndipo yankholo lilembedwe m'maminitsi. Ngati mphamvu yovomera ili ku unduna wa zachuma, ipemphe kuti nthumwi ya kumeneko idzakhalepo. Chachiwiri ndi kalendala. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Yuniyoni yomwe ikupereka zofuna zake mu June, bajeti itadutsa kale, ikupempha ndiwo mphika utatsukidwa. Nthawi yokambirana ndi miyezi ija yunivesite ikukonza ndondomeko yake ya ndalama yopita ku boma, chaka chisanathe.

M'mayunivesite omwe si a boma, a mipingo ndi a anthu wamba, malamulo ake ndi omwewa. Kumeneko mwini chikwama amakhala pafupi, koma mantha a ntchito amakhalanso pafupi, ndipo malo ambiri yuniyoni kulibe. Lamulo silifuna chilolezo cha mwini sukulu kuti aphunzitsi akhazikitse bungwe lawo.

Zomwe zimaikidwa patebulo

Malipiro ndiwo amatchuka, ndipo apa masamu ndi ofunika kuposa mkwiyo. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chaka chotsatiracho mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposerapo pachaka. Tiyerekeze mphunzitsi wolandira K1,000,000 pamwezi amene amuwonjezera 15 peresenti m'chaka chotere. Pa pepala la malipiro pakuoneka K1,150,000, ndipo nyuzipepala zilemba kuti aphunzitsi awakwezera. Koma katundu amene ankagula ndi K1,000,000 tsopano akufuna K1,300,000. Ndalama yake yatsopanoyo ikugula zomwe chaka chatha zinkagulidwa ndi pafupifupi K885,000. Wakwezeredwa pa pepala, watsitsiridwa pamsika. N'chifukwa chake mgwirizano wanzeru sungotchula peresenti yokha, umanenanso kuti malipiro adzaunikidwanso liti, komanso zomwe zidzachitike kwacha ikadzagwa pakati pa chaka.

Palinso msampha wa alawansi. Bwana akapanikizika amakonda kupereka alawansi m'malo mokweza malipiro enieni, ndipo antchito amalandira ndi manja awiri chifukwa ndalama yalowa m'thumba lero. Lamulo la penshoni limati bwana azipereka osachepera 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Funso n'lakuti, peresenti ya chiyani? Musanavomere alawansi, funsani ngati iziwerengedwa podula penshoni. Yankho lake mudzalimva kuwawa mutapuma ntchito, nthawi yoti simungabwererenso kukakambirana.

Nkhani ya malipiro ofanana pa ntchito yofanana idagwedeza Chancellor College ya University of Malawi mu 2017. Aphunzitsi kumeneko adanyanyala ntchito kwa miyezi ingapo podandaula kuti anzawo a ku College of Medicine, a giredi imodzimodzi pansi pa khonsolo imodzi, ankalandira zochuluka. Mfundo ya mtundu umenewu ili ndi pogwira m'malamulo, chifukwa kupatula gawo 31 lija, Employment Act nayonso imalamula bwana kulipira mofanana ntchito zolemera mofanana. Bwana angathe kusiyanitsa malipiro, koma ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka chomwe angachiteteze poyera. Makoleji aja lero ndi mayunivesite osiyana okhala ndi makhonsolo osiyana, choncho mlandu wofanana ndi umenewo tsopano ndi wovutirapo kuutsata mwalamulo, ngakhale ndalama zake zikuchokerabe m'thumba limodzi la boma.

Koma kagwiridwe ka ntchito si ndalama zokha, ndipo apa ndi pomwe kholo lija la soya liyenera kutchera khutu. Lowani mu ofesi ya mphunzitsi sabata ya pambuyo pa mayeso. Mapepala aunjikidwa pa desiki, pampando wa alendo, ena pansi m'makatoni a sopo. Munthu mmodzi akuchonga kalasi yomwe podzaza holo ena ankaima pawindo. Kunja kwa chitseko kwaima ophunzira a chaka chomaliza, aliyense ndi chaputala cha kafukufuku wake choti chiwerengedwe. Madzulo ali ndi kalasi ya anthu ophunzira ataweruka kuntchito, Loweruka ina. Ndipo nthawi yokwezedwa udindo ikafika adzafunsidwa kuti wasindikiza kafukufuku wochuluka bwanji. Chiwerengero cha ophunzira chikamakwera aphunzitsi osawonjezeka, amene amalipira mtengo wake ndi mwana wanu, amene pepala lake lachongedwa 2 koloko usiku ndi munthu wotopa. Maola ophunzitsa pa sabata, kukula kwa kalasi, malipiro a makalasi owonjezera, tchuthi chochitira kafukufuku, ndondomeko yokwezera anthu udindo, chithandizo cha kuchipatala, zonsezi zingalowe mumgwirizano.

Pali gulu lina lomwe mayuniyoni amaliiwala kawirikawiri: aphunzitsi aganyu ndi a makontilakiti aafupi. Iwo amaphunzitsa makalasi aakulu a chaka choyamba, amalipidwa pa ola, ndipo malipirowo amatha kubwera semesita itatha kalekale. Employment Act ili ndi mfundo yowathandiza yomwe ambiri saidziwa. Ngati kontilakiti ya nthawi yochepa ikugwiritsidwa ntchito kudzaza malo a ntchito yokhazikika, yomwe ndi ntchito yamasiku onse ya bungwelo, lamulo limaitenga ngati kontilakiti yopanda malire a nthawi. Munthu amene wakhala akusaina kontilakiti ya chaka chimodzi mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, akuphunzitsa phunziro lomwelo, ali ndi pokambira. Yuniyoni yomwe imamenyera maprofesa okha n'kusiya anthuwa kunja imadzidula mphamvu, chifukwa tsiku la sitalaka bwana amayang'ana kwa omwewa.

Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe mphunzitsi wa pa yunivesite amachifuna chomwe wogwira ntchito kubanki sachifuna: ufulu wophunzitsa ndi kufufuza mopanda mantha. Gawo 33 la malamulo aakulu limautchula ufuluwu, ndipo uli m'gulu la maufulu omwe sangaimitsidwe ngakhale dziko litakhala pa nthawi ya zadzidzidzi. Mu February 2011, mkulu wa apolisi wa nthawiyo, a Peter Mukhito, adaitana a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, kukawafunsa za chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja pofanizira ndi zomwe zidautsa zipolowe ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi bungwe lawo la CCASU lomwe ankalitsogolera a Jessie Kabwila-Kapasula, adakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape. Aphunzitsi anayi adachotsedwa ntchito, ndipo adabwezeretsedwa mu October chaka chomwecho, maphunziro atasokonekera pafupifupi miyezi 8. Pa mkangano wonsewo panalibe tambala yomwe inkapemphedwa. Kuyambira pamenepo palibe angatsutse kuti ufulu wa m'kalasi ndi gawo la kagwiridwe ka ntchito, ndipo ndi bwino kuti uzilembedwa mumgwirizano pamodzi ndi ndondomeko yoti itsatidwe wina akauphwanya.

Cholembedwa ndicho chanu

Lamulo limafuna kuti mbali zonse ziwiri zikambirane ndi mtima wofunadi kumvana. Silikakamiza bwana kuvomera zomwe mwapempha. Limangomuletsa kuchita zachiphamaso: kuzengereza misonkhano dala, kutumiza nthumwi zopanda mphamvu nthawi zonse, kusintha zomwe zidagwirizanidwa dzulo. Udindo womwewo ulinso pa yuniyoni. Atsogoleri amene amalowa m'chipinda atalengeza kale tsiku la sitalaka pa WhatsApp sakukambirana, akungodikira nthawi.

Bwana akanena kuti ndalama palibe, musamutsutse ndi mawu, mupempheni mabuku. Yunivesite ya boma ndi bungwe la anthu, ndipo lamulo la Access to Information, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, limapereka mwayi wopempha zikalata zake. Onani ndalama zomwe boma lidalonjeza, zomwe lidaperekadi, zomwe zalowa kuchokera ku fizi, ndi komwe zapita. Nthawi zina mupeza kuti khonsolo ikunena zoona, ndipo mkwiyo wanu mukuulozetsa polakwika. Nthawi zina mupeza magalimoto atsopano.

Mukamvana, zilembedwe ndipo mbali zonse zisaine. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mgwirizano wolembedwa ndi kusainidwa umamanga mbali zonse ziwiri, ndipo mfundo zake zimakhala gawo la kontilakiti ya wantchito aliyense wokhudzidwa. Bwana akauphwanya, muli ndi chonyamula popita kukhoti. Lonjezo lomwe nduna yapereka pa mwambo wopereka madigiri, anthu akuimba m'manja, si mgwirizano. Kalata yonena kuti khonsolo iganizira pempho lanu si mgwirizano. Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Werengani mawu aliwonse: tsiku lomwe malipiro atsopano ayambire, tsiku lomwe ndalama za m'mbuyo ziperekedwe, utali wa mgwirizanowo, ndi njira yothetsera kusamvana pa tanthauzo lake. Chenjerani kwambiri ndi kachiganizo kakuti zonsezi zichitika ndalama zikapezeka. Kachiganizo kameneko, kopanda tsiku, kamafafaniza masamba onse omwe ali pamwamba pake.

Zokambirana zikakanika

Apa ndi pomwe anthu ophunzira kwambiri amapunthwa ngati wina aliyense. Kukhala ndi madandaulo omveka sikupangitsa sitalaka kukhala yovomerezeka. Chomwe khoti limayang'ana ndi ndondomeko.

Poyamba dziwani mtundu wa mkangano wanu. Ngati mukutsutsana pa chinthu chomwe chilipo kale m'malamulo, m'kontilakiti kapena mumgwirizano, mwachitsanzo alawansi yomwe idasainidwa koma sikuperekedwa, umenewo ndi mlandu wa kukhoti la Industrial Relations Court, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Si nkhani ya sitalaka. Ngati mukufuna chinthu chatsopano chomwe sichidalembedwe paliponse, monga kukwezeredwa malipiro, khoti silingakupatseni, ndipo ndi pa mkangano wotere pomwe lamulo limalola kunyanyala ntchito. Kusokoneza ziwirizi kwagwetsa masitalaka omwe anthu ake adali ndi mfundo zabwino.

Kenako mkanganowo ukanenedwe kwa mlembi wamkulu wa unduna wa zantchito, kuti pakhale mkhalapakati woyanjanitsa mbali ziwirizo. Koma ngati mbali imodzi ndi boma kapena bungwe la boma, boma silingakhale mkhalapakati pa mlandu wake womwe. Zikatero mbali ziwirizo zimagwirizana za munthu woti aziyanjanitse, ndipo zikalephera kumvana za munthuyo pa masiku 7, Industrial Relations Court ndiyo imasankha munthu woima payekha. Kuyanjanitsaku kumapatsidwa masiku 21, pokhapokha mbali zonse zitagwirizana kuwonjezera. Masikuwo akatha popanda kumvana, mbali yofuna kuchitapo kanthu ipereke chidziwitso cholembedwa cha masiku 7 kwa mbali inayo komanso kwa mlembi wamkulu uja. Pamenepo m'pomwe choko chingaikidwe pansi. Kuphatikiza zonse, ndi pafupifupi mwezi kapena kuposerapo kuchokera tsiku lomwe mwakanena mkangano. Amene akukuuzani pamsonkhano wa Lachinayi kuti Lolemba tisalowe m'kalasi, mufunseni makalata amenewa.

Ndondomeko ikatsatidwa, lamulo limakutetezani. Simungachotsedwe ntchito chifukwa chotenga nawo mbali pa sitalaka yovomerezeka, ndipo ikatha bwana ayenera kukubwezerani pa ntchito yanu. Simungasumiridwe kuti mulipire zomwe bwana wataya chifukwa chakuti ntchito idaima. Mungathe kuima pageti ndi zikwangwani mwamtendere, koma kutseka geti ndi unyolo, kuopseza mnzanu amene wasankha kuphunzitsa kapena kuphwanya katundu ndi milandu ina yomwe chitetezochi sichiphimba. Ndondomeko ikadumphidwa, khonsolo imathamangira kukhoti kukatenga chiletso, ndipo amene apitiriza sitalaka chiletso chilipo akulimbana ndi khoti, osati bwana. Bwana nayenso ali ndi chida chake, chotsekera antchito kunja, koma chimafuna ndondomeko yomweyo ya mkhalapakati ndi chidziwitso.

Ena amaganiza kuti akapitiriza kubwera kuofesi koma n'kukana kupereka magiredi a mayeso, kapena kugwira ntchito mwamphwayi mogwirizana, ndiye kuti sakuchita sitalaka. Lamulo limatanthauzira sitalaka motambalala, kuphatikizapo kuchepetsa dala liwiro la ntchito mogwirizana. Kusunga magiredi m'kabati kumafuna ndondomeko yomweyo.

Chinthu china chidasintha mu 2021, ndipo aliyense wovotera sitalaka ayenera kuchidziwa. Aphungu adasintha Labour Relations Act kuti wantchito amene ali pa sitalaka azilipidwa masiku atatu okha pachaka. Kupitirira apo bwana ali ndi ufulu wodula malipiro, ngakhale sitalakayo ikhale yovomerezeka. Bungwe lalikulu la mayuniyoni la MCTU lidatsutsa kusinthaku, koma lamulo lidadutsa. Tanthauzo lake n'lakuti sitalaka ya miyezi ngati ija ya 2017 lero ingatanthauze miyezi yopanda malipiro, pomwe lendi, fizi ya ana ndi ngongole za kubanki sizidikira. Yuniyoni yanzeru imauza mamembala ake zimenezi asanakweze manja, imasunga thumba lothandizira pa nthawi yotere, ndipo pothetsa sitalaka imaonetsetsa kuti nkhani ya malipiro a masiku otayikawo yalembedwa mumgwirizano wobwerera kuntchito.

Lamulo limaletsa sitalaka pa ntchito zomwe kuima kwake kungaike moyo, thanzi kapena chitetezo cha anthu pachiswe. Kuphunzitsa mbiri yakale kapena masamu sikulowa m'tanthauzo limeneli. Koma mphunzitsi wa zaudokotala amene m'mawa amaphunzitsa, masana n'kumaona odwala m'mawodi a Queen Elizabeth Central Hospital, ayenera kusiyanitsa ntchito ziwirizo ndi kufunsa uphungu wa zamalamulo asanasiye ya kuwodi.

Amene wachotsedwa ntchito pa nkhani zotere asakhale pansi kudikira kuti yuniyoni imukumbukire. Employment Act imafuna kuti pakhale chifukwa chomveka ndiponso kuti munthu amvedwe kaye asanachotsedwe, ndipo dandaulo limayenera kukafika kwa ofesala wa zantchito wa pa boma pasanathe miyezi itatu.

Amene sakhala patebulo

Ophunzira alibe mpando pa zokambiranazi, chonsecho ndiwo amasenza katundu wolemera. Digiri ya zaka 4 imatha zaka 5 kapena 6. Lendi ya kachipinda ku Chikanda ku Zomba imalipidwa sukulu ili yotseka. Omwe asankhidwa kumene amakhala pakhomo chaka chathunthu kudikira kuti anzawo atuluke. Wophunzira alibe mphamvu yoletsa sitalaka yovomerezeka, koma gawo 25 la malamulo aakulu limamupatsa ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 43 limati bungwe la boma likachita chinthu chokhudza ufulu wa munthu liyenera kupereka zifukwa zolembedwa. Bungwe la ophunzira lingathe kulembera khonsolo kufunsa chifukwa chomwe sukulu yatsekedwera, zomwe zachitika kuti mkangano uthe, ndi mmene masabata otayika adzabwezeredwe. Lingathe kufunsanso yuniyoni ngati idatsata ndondomeko. Lingathe kuchita zionetsero zamtendere. Chomwe silingachite osadzipweteka lokha ndi kuphwanya mawindo a laibulale, chifukwa bilu yake imagawidwa kwa ophunzira omwewo sukulu ikatsegulidwa.

Aphunzitsi nawo ali ndi ngongole kwa anthu amene amakhoma msonkho. Afotokozereni poyera zomwe mukupempha, ndi manambala, m'chilankhulo chomwe bambo wa soya uja angamve. Anthu akangomva kuti madokotala a maphunziro akufuna ndalama, osamva za makatoni a mapepala aja, osamva kuti anzanu angati apita ku Botswana, South Africa kapena Britain, mudzamenya nkhondoyo nokha. Ndipo atsogoleri a yuniyoni si eni ake a bungwe. Membala ali ndi ufulu woona malamulo a bungwe lake, wodziwa momwe ndalama zomwe amadulidwa mwezi ndi mwezi zikuyendera, ndi wofunsidwa maganizo mgwirizano usanasainidwe.

Inu amene mumaphunzitsa pa yunivesite, pitani ku ofesi ya yuniyoni sabata ino mukapemphe zinthu ziwiri: kope la mgwirizano womwe ulipo pakati pa bungwe lanu ndi khonsolo, ndi maminitsi a msonkhano womaliza wa zokambirana. Onani ngati pali masiginecha a mbali zonse ziwiri, ndipo onani tsiku lomwe mgwirizanowo ukutha. Akakuuzani kuti cholembedwa palibe koma adagwirizana pakamwa, yambirani pomwepo pa msonkhano wotsatira, bajeti ya April isanapite ku Nyumba ya Malamulo.